Nkhokwe Ziwiri Zowerengera Michere ya M'zakudya ku Chikwawa ndi Nsanje

Wogwira ntchito za kadyedwe m'chigwa cha Shire akafuna kudziwa michere imene banja lapeza pa tsiku, angadalire nkhokwe ya manambala a michere ya unduna wa zaulimi ku America (USDA) yotchedwa FoodData Central kapena buku la Malawi la michere ya m'zakudya lotchedwa Malawian Food Composition Table la 2019. Nkhokwe ya USDA ndi yaikulu, ndipo mapulogalamu ambiri a pa foni amatenga manambala awo mmenemo, koma inakonzedwa poyang'ana zakudya za ku America, moti nsima ya mapira yodyera utaka imayenera kuyerekezedwa ndi chakudya china chofanana nayo pang'ono chabe.

Buku la Malawi ndi laling'ono, komabe lili ndi zakudya zimene timaphika, ndipo ine ndimaliika patsogolo. Ngakhale zili choncho, lili ndi malire amene amatikhudza kwambiri kuno. Kafukufuku anasonyeza kuti chimanga cholimidwa pa dothi lakuda la makande m'chigwa chino chimakhala ndi selenium (umodzi mwa michere yofunika m'thupi) wochuluka kuposa cha m'madera ambiri okwera, kotero nambala imodzi yoimira dziko lonse ikhoza kuonetsa selenium wochepa kuposa amene anthu a ku Ngabu akudyadi. Pulogalamu iliyonse imasocheranso ngati kukula kwa mtanda wa nsima sikunayezedwe pa sikelo.