Caulerpa, Chaetomorpha kapena Halimeda: ndere iti ingapirire mu thanki ya madzi amchere kuno ku Chipata?

Anzanga oweta nsomba m'magalasi, ambirife kuno tinayambira pa mbuna za ku Nyanja ya Malawi, ndipo tikamva za madzi amchere timangoganiza za makorali ndi ndalama zankhaninkhani. Koma thanki ya malita 40 mpaka 60 yodzalamo ndere zikuluzikulu za m'nyanja, zija ogulitsa amazitcha macroalgae, ndi yotheka ndithu. Nderezi sizilira nyale zodula ngati makorali, komanso zimadya nitrate ndi phosphate, zotsalira zosungunuka m'madzi zochokera ku zonyansa za nsomba. Posankha yoyamba nayo, ine ndimayang'ana mavuto athu akuno: kutentha kwa Okutobala, kuzimazima kwa magetsi, ndi ulendo. Nyanja ya mchere ili kutali, ku Mozambique kapena ku Tanzania, ndiye chilichonse chimatipeza chitagona m'pulasitiki, n'kudzatsirizira pa basi ya Great East Road.

Pa kukongola, Caulerpa prolifera palibe yoiposa. Masamba ake ndi obiriwira, aatali ngati udzu wa kudambo, ndipo imayanga pamchenga monga ichitira mbatata pamzere. Milungu yochepa chabe pansi ponse pamakhala patadzaza. Koma chomera chonsechi, ngakhale chitatalika bwanji, ndi selo imodzi yokha, ndipo vuto lake lagona pomwepo. Chikapanikizika, kaya ndi kutentha kaya chakudya chatha m'madzi, chimasandutsa zonse zam'kati mwake kukhala timbewu toberekera n'kutitulutsa nthawi imodzi. Mumadzuka m'mawa masamba ali mbuu, madzi achita chifunga, mpweya wachepa. Mu thanki yaikulu mukhoza kupulumuka. Mu malita 60, pampu itaima chifukwa magetsi kulibe, nsomba sizifika masana. Zinandionekera mwezi wotentha, ndinataya tinsomba tiwiri tomwe ndinatiweta pafupifupi chaka, ndipo mpaka pano zimandiwawa.

Sindikuti muitaye. Prolifera sichita zimenezi kawirikawiri ngati mbale wake racemosa, uja wooneka ngati timphesa. Muziidulira sabata iliyonse, mukutsina kaye tsinde ndi zala kuti madzi am'kati asatayike, ndipo pakhale chigubu cha madzi osakaniza kale chodikira tsiku loipa. Mtundu umenewu ndi waliwuma: Caulerpa taxifolia inaoneka m'nyanja ku Monaco mu 1984, kenako inafalikira m'magombe a maiko angapo a Mediterranean. Mu mtsinje wathu wa Lutembwe Caulerpa singamere, poti madzi ake alibe mchere, koma mu thanki yanu idzakwera pamiyala n'kuphimba zinzake mukailekerera.

Chaetomorpha ilibe maonekedwe otero. Ili ngati waya wokwechera mapoto, kungoti ndi wobiriwira. Siigwira pamwala kapena pamchenga, imangokhala mpukutu. Koma maselo ake ndi ambiri, olumikizana ngati mikanda, choncho kusungunuka kwa usiku umodzi kuja si khalidwe lake. Paulendo imapirira bwino bola ikhale yonyowa. M'kati mwake mumaswana tizilombo ting'onoting'ono, ma copepod ndi ma amphipod, tomwe nsomba zimadya. Chofunika n'kuitembenuza masiku angapo alionse kuti yapansi ione kuwala, ndi kuikutumula chifukwa imakola zinyalala.

Halimeda imakopa maso, timasamba take ngati makobidi otungidwa pa ulusi. Thupi lake imamanga ndi laimu, ndiye imamwa calcium kwambiri. Muyenera kusunga calcium pafupifupi 420 ppm (mamiligalamu pa lita) ndi alkalinity, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, cha m'ma 8 pa muyezo wa dKH, kutanthauza kugula zoyezera ndi mankhwala zomwe simungazipeze pa msika wa Kapata. Nayonso imatha kuyera n'kutulutsa timbewu. Woyamba kumene aisiye kaye. Gracilaria yofiira, ija amapangira agar (ufa wolimbitsa zamadzimadzi kukhala ngati jeli), imakongoletsa pakati pa zobiriwira, koma imakondwa madzi akamayenda, ndiye imafuna pampu yosaimaima.

Iliyonse mwa izi idzafa madzi akalakwika. Mchere wa kukhitchini ayi, ulibe calcium ndi magnesium wokwanira. Gulani wa thanki, pafupifupi magalamu 35 pa lita, choyezera mchere wa m'madzi chiziwerenga 1.025 kapena 1.026. Madzi akhale osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis, ochotsa zosungunuka m'madzi) kapena otchezedwa (distilled), osati a pachitsime. Lembani mzere pagalasi, ndipo madzi akatsika thirani opanda mchere, chifukwa chouluka ndi madzi, mchere umatsala. Mu Okutobala muzichita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo kafani kakang'ono kopemerera pamwamba kamathandiza kuti kutentha kusapitirire madigiri 27.

Ine nditati ndiyambenso lero, ndingaike Chaetomorpha kuseri kwa miyala, n'kudikira milungu 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya osukulutsa zonyansa za nsomba akhazikike ndisanaikemo nsomba. Prolifera ndingadzaidzale kutsogolo mvula itayamba ndipo kunja kwazizirako, pampu ndi kafani zili kale pa batire ya sola.