kdump pa seva ya Ubuntu imene inkagwa ntchito ikachuluka

Ngati mumasamalira seva ya Linux, ikani kdump seva yanu isanayambe kuvuta. Ndi yaulere, inalowa mu kernel (mtima wa Linux umene umayendetsa zipangizo ndi mapulogalamu onse) mu 2005 pa Linux 2.6.13, ndipo ntchito yake ndi imodzi basi: kernel ikagwa, imasunga zimene zinali mu RAM pa nthawiyo kuti mudzazione bwino pambuyo pake.

Seva imene ndimayang'anira ndi ya kakampani kakang'ono. Ili ndi Ubuntu Server, database ya PostgreSQL ndi mafayilo a antchito, ndipo usiku imapanga backup. Masiku onse inali bwinobwino, koma kumapeto kwa mwezi, pokonza malipiro, malipoti ambiri akamayenda limodzi ndi backup, inkangouma mpaka munthu akaizimitse ndi batani. Ndikatsegula journalctl -k -b -1 kuti ndione zimene kernel inalemba isanagwe, sindinkapezamo kanthu. N'zomveka, chifukwa kernel ikachita panic, kutanthauza kuti yaima yokha itakumana ndi vuto lalikulu, kawirikawiri sikhalanso ndi mpata wolemba pa disiki. Apa m'pamene anthu timayamba kuganizira zinthu zopanda umboni, wina akuti ndi database, wina akuti ndi kutentha.

Mmene kdump imagwirira ntchito ndi zimene zinandikopa. Poyatsa seva, imapatula kagawo ka RAM kudzera mu crashkernel= n'kuikamo kernel yachiwiri imene imangodikira. Yoyamba ikagwa, kexec, njira imene kernel imayatsira kernel ina, imadzutsa yachiwiriyo osadutsa ku BIOS, choncho RAM siifufutika. Kenako pulogalamu ya makedumpfile imakopera zofunika n'kuziika mu /var/crash, seva n'kudziyatsanso yokha. Pa Ubuntu mumaika linux-crashdump, kuyatsanso seva, n'kulemba kdump-config show kuti muone ngati yalemba kuti ready to kdump.

Musakhutire ndi mawu amenewo okha. Anthu akaweruka, igwetseni dala ndi echo c > /proc/sysrq-trigger, muone ngati fayilo yatulukadi. Gawo la RAM lopatulidwa likachepa, kernel yachiwiri imalephera kumaliza ntchito yake, ndipo mungadziwe zimenezi tsiku la vuto lenileni mutapeza /var/crash mulibe kanthu.

Palinso china chimene ambiri sachitchula. kdump imadzuka pa panic pokha. Seva ikangouma chifukwa CPU imodzi yakodwa mu kernel, kernel imalemba soft lockup pakadutsa masekondi 20, koma sigwa. Ndinaika kernel.softlockup_panic=1 kuti zikatero izichita panic. Koma hung_task_panic, imene imagwetsa kernel process ikadikira nthawi yaitali, ndinaisiya, chifukwa disiki ikamachedwa pa nthawi ya backup, process yabwinobwino imatha kudikira kupitirira masekondi 120, ndipo sindinkafuna kuti seva izigwa popanda chifukwa.

Mwezi utatha, inagwanso, ndipo ulendo uno panali choti ndiwerenge. Mu /var/crash mumakhala mafayilo awiri, dump (zimene zinali mu RAM) ndi dmesg (mauthenga a kernel). Yambani ndi dmesg. Ndi yaing'ono, imawerengeka ndi maso, ndipo imaonetsa Call Trace (mndandanda wa ma function amene kernel inadutsamo isanagwe), process imene inali kuyenda, ndi mzere wa Tainted umene umakuuzani ngati pali module yochokera kunja kwa kernel. Kuti mutsegule dump yeniyeniyo mufunika pulogalamu ya crash, imene anayambitsa Dave Anderson wa ku Red Hat, pamodzi ndi phukusi la dbgsym la kernel yanu ndendende, limene limathandiza crash kumvetsa za mu dump. Apa ndiye pali mtengo: phukusili ndi la ma MB mazanamazana, bandulo imapita ndithu, ndipo mukasintha kernel muyenera kukoperanso lina. Mukalowa mu crash, malamulo a bt, log, ps ndi kmem -i amakupatsani zambiri, koma crash sinapangidwire munthu wongoyamba kumene. Siikufotokozerani tanthauzo la zimene mukuona.

Kwa ine yankho linaoneka nditayerekeza ma Call Trace. Ndinakakamiza seva ndi stress-ng --vm kuti igwenso, ndipo nthawi iliyonse inkagwera pamalo osiyana, pena pa filesystem, pena pogawa memory. Bug ya mu kernel kapena driver imakonda kubwerera pamalo amodzimodzi. Kugwa kwa apa ndi apo kumaloza ku zipangizo. Memtest86+, pulogalamu yoyeza RAM, inatsimikiza kuti RAM imodzi inali yowonongeka, ndipo popeza siinali ya ECC, mtundu wa RAM wozindikira zolakwika wokha, panalibe chotichenjeza. Masiku wamba gawo lowonongekalo silinkafikidwa kawirikawiri. Linkafikidwa RAM ikadzaza. Titasintha RAM imeneyo, malipiro akhala akuyenda seva osagwa.

Pali zimene kdump singakuthandizeni. Magetsi akathima kapena power supply ikafooka, RAM imapita ndi zonse, palibe chosunga. Ngati ndi OOM killer, gawo la kernel lotseka mapulogalamu kuti memory ipezeke, imene yapha PostgreSQL chifukwa memory yatha, kernel sinagwe, ndipo nkhaniyo muipeza mu journalctl. Samalaninso potumiza dump kwa munthu wina. Mukaipatsa -d 31, makedumpfile imachotsa zigawo za memory za mapulogalamu, komabe zotsalazo ndi zamkati mwa seva yanu.

Pa seva ya RAM yambiri sindiona chifukwa choisiyira. Pa VPS (seva yobwereka pa intaneti) ya RAM ya 1 GB ndingaganize kawiri, chifukwa gawo lopatulidwalo simuligwiritsanso ntchito, ndipo pamenepo ndingayambe ndi netconsole, imene imatumiza mauthenga omaliza a kernel ku kompyuta ina kudzera pa UDP.