Kashopu kosindikiza zigamulo za makhoti pa msewu wa ku Chirunga

Pa msewu wopita ku Chirunga pali kashopu kakang'ono komwe ophunzira zamalamulo amasindikizitsako zigamulo za makhoti, ndipo ine ndinapitako nditafuna kuwerenga ndekha mmene Bwalo Lalikulu la Apilo ndi Nyumba ya Malamulo zimawongolerana. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri, makamaka poti nyumba yakale ya aphungu idakalipobe kuno ku Zomba ndipo timaidutsa tsiku ndi tsiku.

Chimene chinandikondweretsa si mapepala oyera kapena zilembo zooneka bwino zokha, koma luso la mayi amene amayendetsa shopuyo posanja zigamulozo motsata zaka. Anayambira pa chigamulo cha 2000 pa mlandu wa a Gwanda Chakuamba, pomwe bwalo la apilo linati wopambana ndi amene wapeza mavoti ochuluka kuposa anzake, kenaka anaika cha bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko cha pa 3 February 2020 chimene chinafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, n'kutsiriza ndi cha bwalo la apilo cha pa 8 May chaka chomwecho chimene chinatsimikiza kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka. Munthu ukawerenga motsatana chonchi umaona kuti bwalo likhoza kusintha kamasuliridwe kake ka gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko, lonena za kasankhidwe ka pulezidenti, komanso kuti ntchito yokonza malamulo a chisankho linaisiyira aphungu, amene pambuyo pake anakhazikitsa tsiku la 23 June kuti anthu avotenso.

Mayiwa anandilangiza kuti ndiwonjezere chigamulo cha 2007 cha gawo 65, chokhudza aphungu osintha zipani, ndipo anachita bwino. Anandikumbutsanso kuti mphamvu sizili mbali imodzi: gawo 5 limapha lamulo lililonse losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, koma Jaji Wamkulu sangayambe ntchito aphungu asanamuvomereze, ndipo gawo 119 limalola Nyumba ya Malamulo kupempha Pulezidenti kuti achotse jaji. Mphamvu imeneyi aphungu anaigwiritsa ntchito mu 2001 pofuna kuchotsa majaji atatu, ndipo ine ndimaona kuti imeneyo inali nthawi yoopsa kwambiri pa ufulu wa makhoti athu.

Zolakwika zilipo. Buku loyamba limene anandimangira linasowa masamba angapo pakati, ndipo ndinachita kubwererako, ngakhale kuti anakonza popanda kundilipiritsanso. Magetsi akazima ntchito imaima, choncho ndi bwino kupita m'mawa. Mtengo wake ndi wokwererapo chifukwa chigamulo cha February chokha chili ndi masamba mazana angapo.

Chondidandaulitsa chachikulu sichichokera kushopuko: zigamulo zonsezi zili m'Chingerezi, ndipo malume anga a ku Thondwe, amene anaima pamzere kukavota kawiri konse, anangolitembenuza bukulo n'kundipempha kuti ndiwamasulire tsamba ndi tsamba.