Laphroaig wa zaka 10: mowa nyenyezi 5, ogulitsa nyenyezi 2

Nyenyezi ziwirizi ndi za sitolo, mowawu ulibe mlandu. Ndanena msanga chifukwa ena mumangoona nyenyezi n'kudutsa.

Ndinaitanitsa pa intaneti Laphroaig wa zaka 10, wisiki wa ku Scotland, botolo la 70cl lomwe lija, pa mtengo wake wa masiku onse wa mapaundi 40 ndi kakuti, n'kusankha kukatenga ndekha ku kasitolo kawo kuno ku Glasgow. Alamu anga amabwera kuchokera ku Lilongwe, ndipo akhala akundinyogodola kuti ndimakhala kwawo kwa wisiki koma kumudzi ndimangowatengera wosakaniza wa pabwalo la ndege. Mnyamata wa pakauntala anandipatsa katunduyo atamukulunga kale bwinobwino. Mwayi wake ndinamatula ndisanatuluke pakhomo. M'katimo munali Select, mtundu wina wa Laphroaig. Dzina lomwelo, botolo lobiriwira lomwelo, pepala loyera lomwelo, koma nambala 10 kulibe.

Munthu amalakwitsa, zimenezo sindikanalemba n'komwe. Chandilembetsa ndi pakamwa pa mnyamatayo. Poyamba anati wa zaka 10 watha ndiye anangoika wina, poti onse ndi Laphroaig ndipo utsi wake ndi umodzimodzi. Za ndalama yapamwamba yomwe ndinali nditalipira sanaitchule, ngakhale pashelefu kumbuyo kwake Select anali ndi mtengo wotsikirapo, wolembedwa ndi manambala akuluakulu. Nditakana, anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kundifunsa ngati ndikukathira Coke, ati ngati ndi choncho sindidzasiyanitsa. Abale, pamzere panali anthu ena atatu, onse akumva. Kodi akanakhala mzungu wachikulire wovala jekete akanamufunsa za Coke? Magazi anawira. Ndinaika botolo pakauntala n'kumuuza kuti sindisuntha mpaka abwere wamkulu wake.

Nambala ija si chokongoletsera pepala. Malamulo a wisiki wa Scotland a 2009 amati nambala ya zaka pabotolo ndi msinkhu wa mowa wamng'ono kwambiri womwe uli m'menemo. Akalemba 10, ndiye kuti mulibe dontho lomwe lagona mumgolo zaka zochepera 10. Popanda nambala, chomwe lamulo likukutsimikizira ndi zaka 3 basi. Ndipo chaka chilichonse mgolo umataya pafupifupi 2 peresenti ya mowa wouluka ndi mpweya, ndiye zaka zimenezo ndi ndalama. Wogulitsa mowa osadziwa zimenezi akutani pakauntala? Kapena amadziwa, anangondiona ngati wobwera.

Pano ndiye ndiyenera kunena chilungamo. Kunatuluka mayi wina wachikulire kuchokera kuseri. Anayang'ana lisiti, anayang'ana botolo, osafunsa zambiri, analowanso n'kutuluka ndi wa zaka 10, yemwe uja amati watha. Kenako anatenga timatambula tiwiri, kena Select kena 10, ndi kajagi ka madzi, n'kundiuza ndilawe ndisiyanitse ndekha. Select si woipa ayi. Ndi wofewa, wotsekemerako, utsi wake ndi waulemu, amamusakaniza kuchokera m'migolo ya mitundu ingapo. Munthu woyamba kumene akhoza kumukonda kuposa winayu. Koma si amene ndinalipira. Mayiwo anapepesa. Mnyamata uja anali busy ndi foni, mpaka ndinatuluka osamva pepani wake. Nyenyezi yachiwiriyo ndi ya mayiwo.

Tsono mowawo. Mukangotsegula, fungo limadzaza chipinda musanathire n'komwe. Mayi a kunyumba anafuula ali kukhitchini kufunsa amene wavulala, chifukwa chimayamba kubwera ndi fungo la mankhwala opaka pachilonda ndi bandeji. Pambuyo pake utsi, wofanana ndi wa mlamba wowamba womwe wagonera pamoto, ndi kamchere ka m'nyanja. Utsiwu sachita kuthiramo. Ku Islay, chilumba chomwe mowawu amautcheza kuyambira 1815, chimera cha barele amachiyanika pa utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo lopangidwa ndi zomera zowolerana kwa zaka zikwi. Gawo lina la chimeracho amachimeretsabe okha pansi pafakitale pomwepo, zomwe ambiri anasiya kale.

Pakamwa ndi pomwe amadabwitsa. Umayembekezera kuwawa, koma chimayamba ndi kutsekemera, kavanila ka migolo yomwe munali bourbon, wisiki wa ku America, kenako tsabola pang'ono, kenako phulusa ndi mchere zikubwera pambuyo n'kukhazikika kukhosi. Zimakhalitsa. Ndinatsuka mano usiku, m'mawa utsi unali ukadalipo. Ndikathira madontho awiri atatu a madzi, mankhwala aja amabwerera m'mbuyo, kutsekemera n'kubwera patsogolo. Madzi oundana ndinayesako, amapha fungo, musavutike. Tambula yake ikhale yopapatiza kukamwa ngati Glencairn, ya galasi lotambalala ija fungo limangothawa.

Pali ziwiri zomwe ndingadandaule pang'ono. Wa kuno mphamvu yake ndi 40 peresenti, mlingo wotsikitsitsa womwe lamulo limalola, pomwe ku America amalandira wa 43, ndipo pakati pa lilime umamva kuti kathupi kachepa. Chinanso musatengeke ndi mtundu wagolide m'tambulamo n'kumati ndi umboni wa zaka. Lamulo limalola kuthiramo karamelo wokometsera mtundu mu wisiki wa Scotland, ndiye maso asakuweruzireni, iweruze mphuno.

Alamu anga tambula yoyamba anakwinya nkhope, ati mwandigulira mankhwala a chifuwa. Ndinawauza kuti Mfumu Charles, akadali kalonga, anaupatsa mowawu chizindikiro chake chachifumu mu 1994, iwo amvekere ndiye mafumu ali ndi mavuto. Tambula yachiwiri anakhala chete. Yachitatu anathira okha, n'kuyamba kufunsa ngati botolo lotsegula kale limaloledwa m'sutikesi. Tsiku lonyamuka munali mutatsala pang'ono pokha, moti funsolo linadziyankha lokha.

Ngati single malt, wisiki wa chimera cha barele chokha wa pafakitale imodzi ngati ameneyu, simunamulaweko, musayambire pano, mudzataya ndalama n'kutukwana Scotland yense. Yambani ndi Glenfiddich wa zaka 12 wa ku Dufftown, wa kakomedwe ka zipatso za pear, wopanda utsi. Koma ngati mumakonda nyama yootcha yopserera m'mbali ndi tiyi wopanda shuga, uyu ndi wanu, ndipo pa mtengo umenewu sindikuona wa ku Islay wina wondichotsa pa iyeyu.

Kusitoloko ndidzapitanso kapena ayi, sindinaganize. Mitengo yawo si yoipa, ndipo ali ndi mabotolo ena omwe m'masupamaketi simuwapeza. Mukapitako, matulani pepala muli pakauntala pomwepo, muone nambala, ndipo mukapeza mnyamata wamtali wa foni uja, funsani mayi aja.