pytest-playwright: ndemanga yanga, ndi mkangano wa dzina womwe unatidyera nthawi

Kwa osafuna kuwerenga zambiri, pytest-playwright ndi yabwino, ndi yaulere, ndipo ngati mumapanga ma sisitimu a pa intaneti ndi Python koma mpaka lero mumatesta podinadina mabatani pamanja ndiye kuti mukungodzizunza. Zovuta ili nazo, makamaka kwa ife akuno amene bandulo timachita kuiwerengera, ndifikapo pamenepo.

Ife ndi kagulu kochepa, timagwirira ntchito pa Chitakale pompa, ndipo sisitimu yomwe timasamala ndi ya alimi ang'onoang'ono a tiyi. Kalaliki amalowetsa makilo a masamba omwe mlimi wabweretsa pa sikelo, mwezi ukatha iyo iwerengetse ndalama za aliyense. Nde mukudziwa ndalama ya mlimi siyoseweretsa, fomu ikangophonya nambala imodzi mawa lake anthu afika pa ofesi m'mamawa nkhope zili gwaa, ndiye ma test a mu browser kwa ife si zamanyado ayi.

Amene simunaimvepo, Playwright ndi chida cha Microsoft, chinatuluka mu 2020, ndipo ena mwa anthu omwe anachipanga ndi omwe aja anapanga Puppeteer, chida china choyendetsa browser, ali ku Google. Chimatsegula browser chokha, kulemba mu fomu, kudina batani, kenako n'kuona ngati zomwe zatuluka pa sikirini ndi zomwe mumayembekezera. Chimayendetsa Chromium, Firefox ndi WebKit. Tsono pytest-playwright ndi ka plugin kolumikiza chidachi ndi pytest, chida choyendetsera ma test a Python, mukangolemba page mu test yanu basi tsamba mwapatsidwa lotsegula kale, test ikatha yokha itseka, inu osavutika ndi zokolopa pambuyo.

Chomwe chinandigula mtima ndi kudikira. Amene munagwiritsapo Selenium, chida chakale chotestera mu browser, mukukumbuka ma time.sleep aja, kuika masekondi 5 apa, 10 apo, kupempherera kuti tsamba likhale litatseguka, test yomweyo lero yadutsa mawa yagwa popanda amene wakhudza code. Playwright isanadine imayamba yadikira yokha kuti batanilo lioneke, lisiye kusunthasuntha, ndiponso kuti lisakhale lotchingidwa ndi chinthu china pamwamba pake. Zimenezi zokha zinatichotsera ma test onama ambirimbiri. Sindikunyoza Selenium ayi, ndi nkhalakale, ilinso ndi njira zake zodikirira ukamaidziwa bwino, ndipo kuyambira 4.6 nkhani yosakasaka pamanja ma driver, timapulogalamu tolumikiza Selenium ndi browser, inachepa chifukwa cha Selenium Manager. Kungoti Playwright zabwinozo imabwera nazo kale, sufunika kuchita kuzikumbukira.

China ndi trace. Mukayendetsa ndi --tracing on imasunga fayilo ya zip, mukaitsegula ndi playwright show-trace mumaona sitepe iliyonse, tsamba mmene limaonekera nthawi imeneyo, ndi zomwe browser imatumiza ku seva. Ife inatigwirira kachilombo koipa kwambiri. Netiweki ikamakoka kalaliki amadina Sungani kawiri poganiza kuti sizinalowe, makilo a mlimi mmodzi n'kulembedwa kawiri, 23 kg kusanduka 46. Pa trace zinaoneka poyera, ma request awiri ofanana atandandana. Pamanja chimenechi sitikanachipeza msanga chifukwa mu ofesi netiweki imathamanga, vuto limachitikira ku sikelo kumidzi uko cha ku Limbuli. Ilinso ndi codegen, iwe ukudina iyo ikulemba code, yabwino poyambira koma zomwe imalembazo muzizikonzanso, osangozimeza.

Tsopano zowawa. Playwright imafuna ma browser akeake, sigwiritsa Chrome yanu ija pokhapokha mutaiuza, ndiye mukalemba playwright install osatchula kanthu ikoka onse atatu, ma MB mazanamazana, bandulo ya sabata n'kuthera pomwepo. Lembani playwright install chromium kaye, enawo mudzaona. Komanso version iliyonse imayenda ndi ma browser ake, kutanthauza kuti mukangopanga update mukokanso kachikena. Ife tinangoikhomera pa version imodzi mu requirements, fayilo ya mndandanda wa mapaketi omwe sisitimu imafuna, ndipo mmodzi akakoka enafe timakopera pa flash foda ija ya ms-playwright, pa Linux imakhala mu .cache. Pa laputopu ya 4GB imayenda koma osayerekeza kuyendetsa ma test ambiri nthawi imodzi ndi pytest-xdist, fani imalira ngati chigayo cha dizilo ndipo magetsi akathima batire silichedwa kutha.

Chachikulu kwa ife ndi mafoni. Ili ndi --device yoti muyerekeze foni, koma kumeneko n'kungochepetsa sikirini ndi kunamizira dzina la browser, si foni yeniyeni yokhala ndi memory yochepa ndi galasi losweka ngati zomwe makalaliki amayenda nazo. Opera Mini ndiye mulibemo, ndipo singakhalemo mophweka poti iyo tsamba limakonzedwera ku ma seva awo lisanafike pa foni. Anthu ambiri kuno ndi imene amatsegulira intaneti posunga data. Ndiye mbali imeneyo timatestabe pamanja, foni m'manja, palibe kuchitira mwina.

Nkhani ya dzina inabwera chonchi. Ma test atachuluka tinaona kuti tikungobwereza zomwezomwezo, kulowa ngati kalaliki, kulowa ngati bwana wa ofesi, kudula netiweki pakati pa fomu ndi set_offline, kunamizira yankho la Airtel Money ndi TNM Mpamba kuti tisamatumize ndalama zenizeni potesta. Tinazisonkhanitsa zonse mu ka plugin kathu kokhala pamwamba pa pytest-playwright. Kulemba kwake sikunavute olo pang'ono, dzina ndi lomwe linatiimitsa, gulu la WhatsApp linatentha mpaka usiku.

Wina anati Sapitwa, poti ndi nsonga yaitali kuposa zonse, mamita 3,002, anthu adziwe kuti zachokera ku Mulanje. Mtsikana amene amatipangira design anangoyankha kuti achimwene, chida chomwe mukufuna anthu azichigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku mukuchitcha Sapitwa, ndani apiteko? Nkhani inathera pomwepo. Wina anati Napolo poti imagumula chilichonse chofooka mu code, koma ayi, kuno anthu anataya abale pa Freddy mu March 2023, akuluakulu akukumbukirabe za ku Phalombe mu 1991, si dzina loseka nalo. Chiperoni inakondedwa ndithu, ine ndemwe ndinaivotera poyamba.

Amene amafuna dzina lokoma anali ndi mfundo yake, ndipo si yopusa. Selenium imene inayamba mu 2004 ku ThoughtWorks, Jason Huggins anaitcha choncho mwanthabwala pogemula kampani ya Mercury Interactive yomwe inkagulitsa zida zotestera, poti selenium amati ndi mankhwala a poizoni wa mercury. Poyamba inkatchedwa JavaScriptTestRunner, ndani akanalikumbukira limenelo? Puppeteer, Playwright, Cypress, onsewa ndi mayina oti ukamva kamodzi sumaiwala. Zoona. Koma taonani bwino, amenewo ndi mayina a zida zikuluzikulu zoima pazokha. Ma plugin ake onse ndi osakoma dala: pytest-selenium, pytest-django, pytest-cov, pytest-playwright. Microsoft yonse ija ndi ndalama zake sinavutike kusaka dzina lamakono la plugin, inangotsata mwambo wa pytest, ndipo ine pa ndemanga ino ndikuipatsa mamalikisi chifukwa cha chimenecho. Munthu watsopano akatsegula requirements amadziwa pompo kuti ichi n'chani ndipo chikukhala pamwamba pa chiyani, osachita kufunsa.

Mwambowo ulinso ndi phindu lenileni. Mndandanda wa ma plugin pa tsamba la pytest umadzitolera wokha kuchokera ku PyPI, nkhokwe ya pa intaneti ya mapaketi a Python, potengera mayina oyamba ndi pytest, ndiye mukatcha Chiperoni basi simudzaonekako. PyPI imalola zilembo wamba, manambala, kadontho, - ndi _ basi, kutanthauza kuti ŵ salowa, ka apostrophe ka mu ng'ona kapena ng'oma sikalowanso, amene mukuganiza dzina la Chichewa dziwiranitu. Komanso kwa PyPI zilembo zazikulu ndi zazing'ono ndi chimodzimodzi, - ndi _ ndi kadontho ndi chimodzimodzinso, simungazembe dzina la mwini posintha timeneti. Poika ndi pip, chida choikira mapaketi a Python, mumalemba ndi -, koma mu import mumalemba ndi _, dzina likhale loti zonse ziwiri zikuwerengeka bwino. Ndipo likhale lovuta kuphonya polemba, chifukwa pa PyPI pamakhala akathyali oika mapaketi oipa a mayina ofanana ndi otchuka kudikirira amene chala chaterereka.

Apa mpomwe pytest-playwright ndikuichotserako pang'ono. Pa GitHub repo yake, malo osungirako code yake, ndi playwright-pytest, pa PyPI ndi pytest-playwright, mawu omwewo koma otembenuza. N'kanthu kakang'ono koma wophunzira amasokonezeka, makamaka amene akuchita kukopera pa foni kulemba pa laputopu. Kwa ife tinagwirizana kuti repo, paketi ndi foda zikhale dzina limodzi.

Mapeto ake tinangotenga pytest- n'kuphatikiza dzina la sisitimu yathuyo, losakoma ngati mmene ena aja alili, ndipo sitinaiike pa PyPI poti muli zinthu za kasitomala. Chiperoni sinafe, ndi dzina la test ija yodula netiweki pakati pa fomu, imene imagwa kawirikawiri kuposa onse. Amene muli ndi ma test ambiri a Selenium oyenda bwino musathamangire kusamuka, palibe chomwe mupindule chofanana ndi ntchito yolembanso zonsezo. Koma ngati mukuyamba kumene, pip install pytest-playwright, kokani Chromium yokha, ndipo kokerani pa Wi-Fi ya wina.