Marimu a mainchi 20, 18 kapena 17 pa Ford F-150 nyengo ya chipale chofewa

Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 7 a Celsius, labala ya matayala wamba imalimba ndipo sigwira bwino msewu. Ku Quebec, m'dziko la Canada, lamulo limakakamiza kuika matayala a nyengo yozizira kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi. Mwini galimoto ya Ford F-150 ya pakati pa 2015 ndi 2020 yomwe inabwera ndi matayala a 275/55R20 (mamilimita 275 m'lifupi, khoma la m'mbali 55 peresenti ya m'lifupimo, rimu ya mainchi 20) ali ndi njira zitatu zoikira matayala a nyengo yozizira.

Yoyamba ndi kusunga marimu a 20, n'kumangosintha matayala. Poyamba imaoneka yotchipa, koma kuvula ndi kuveka matayala kawiri pachaka kumafuna ndalama nthawi iliyonse, kumakanda rimu, ndipo mchere wa m'misewu umadya aluminiyamu. Nawo matayala a 20 ndi okwera mtengo.

Marimu a 18 okhala ndi 275/65R18 amatalika pafupifupi mamilimita 815, pomwe oyamba aja ndi 810. Kusiyanako n'kochepa moti sipidomita siinama kwenikweni. Amayenda bwino, amaoneka bwino, koma tayala ndi lotambalala chimodzimodzi, choncho pa chipale chofewa phindu lake ndi lochepa.

Ine ndimakokera ku marimu achitsulo a 17 ndi 265/70R17. Kutalika kwake ndi mamilimita 803, kutsika osakwana 1 peresenti. Tayala locheperako m'lifupi limaboola chipale chofewa mpaka kufika pansi m'malo moyandama pamwamba. Khoma lake la m'mbali ndi mamilimita 185 poyerekeza ndi 151 pa la 20, ndiye likagwera m'dzenje la pamsewu, labala ndi yomwe imalandira nkhonyayo. Rimu yachitsulo ikapindika imawongoleka, ya aluminiyamu nthawi zambiri imasweka. Choipa chake ndi dzimbiri komanso kuti pokhota galimoto imamveka yofewa pang'ono. Musatsike kufika pa 16, chifukwa rimu imagunda kalipa, chitsulo chopanira mabuleki akutsogolo.

Apa ndi pomwe ambiri amaonongera ndalama: rimu iyenera kukhala ya mabowo asanu ndi limodzi a 6x135 (135 ndi kukula kwa mzere wozungulira womwe mabowowo ali, m'mamilimita), bowo lapakati la mamilimita 87.1, ndi offset (mtunda wochokera pakati pa rimu kufika pamene imamangidwira pa galimoto) yoyandikira mamilimita +44. Marimu a Chevrolet Silverado nawonso ali ndi mabowo asanu ndi limodzi, koma ndi 6x139.7, salowa. Manati a F-150 yakale, ya 2014 kubwerera m'mbuyo, ali ndi mazinga osiyana, musawakakamize. Mangani manati pa mphamvu yomangira ya 204 Nm modumphadumpha mabawuti, ndipo mukayenda makilomita 100 muwabwerezenso.

Pa tayala lenilenilo, yang'anani chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu chokhala ndi kachipale pakati. Zilembo za M+S (matope ndi chipale chofewa) zokha sizikwanira. Bridgestone Blizzak ndi Michelin X-Ice Snow ndi zopanda misomali, zabwino m'tauni momwe misewu imapalidwa. Nokian Hakkapeliitta ya misomali imaposa zonsezi pa madzi oundana, koma imasokosera ndipo madera ena amailetsa. Nambala yosonyeza kulemera komwe tayala lingasenze, yolembedwa pa tayalalo, isatsike pansi pa yomwe ili pa chikwangwani cha pachitseko, makamaka ngati mumakoka ngolo. Gulani anayi onse pamodzi ndi masensa a TPMS oyeza mpweya wa m'matayala, apo ayi nyali ya mpweya iziyaka nyengo yonse yozizira.