Motherboard ya B550 yotsika mtengo: mmene yakhalira patatha miyezi yambiri

Kompyuta yanga ya pa desiki ndinaimanga pa motherboard (bolodi yaikulu imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ya chipset cha B550, ya saizi ya micro-ATX, yokhala ndi soketi ya AM4, pamene pamakhala purosesa. Ndinaikamo purosesa ya Ryzen 5 5600, RAM ya DDR4 ndi SSD ya M.2. Yatsala pang'ono kukwanitsa chaka ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku: kulemba, kukonza zithunzi, kudula mavidiyo, ndipo madzulo ena masewera. Kukhala kuti ndikugulanso lero, ndingatenge yomweyi, koma osati chifukwa cha zinthu zija zolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni.

Chimene chandithandiza kwambiri ndi gawo lomwe ogula ambiri saliyang'ana n'komwe, VRM. Iti ndi tizipangizo tondandalikana m'mbali mwa soketi, timene timalandira magetsi a mavoti 12 kuchokera ku power supply n'kuwatsitsa mpaka pa voti imodzi ndi pang'ono, amene purosesa imagwiritsa ntchito. Ntchito yotsitsayi imatulutsa kutentha kwambiri. Pa mabolodi otsikitsitsa mtengo, tizipangizoti timangokhala pamtunda, popanda chitsulo choyamwa kutentha. Yangayi ili ndi chitsulo cha aluminiyamu pamwamba pake, chomangidwa ndi masikuluu osati timapini ta pulasitiki. Ndikamatulutsa vidiyo yaitali, purosesa imalimbikira kwa nthawi ndithu, ndipo ndikatsegula HWiNFO, pulogalamu yoonetsa liwiro ndi kutentha kwa zipangizo, n'kuyang'ana, liwiro lake limakhala pamodzimodzi osatsika. Mukagwira chitsulocho mukangozimitsa kompyuta, chimakhala chofunda ndithu, kusonyeza kuti chikugwiradi ntchito yake.

Zoona, Ryzen 5 5600 si purosesa yadyera pa magetsi, TDP yake, mlingo wa kutentha kumene imatulutsa, ndi mawati 65 basi, ndiye ngakhale bolodi yofooka ikhoza kuinyamula. Nkhani imabwera mukafuna kukweza. Mnzanga wina anagula bolodi yopanda chitsulo chilichonse pa VRM, ndipo poyamba inkayenda bwinobwino. Atadzaikapo purosesa ya mawati 105, nyengo yotentha itafika, kompyutayo inayamba kudzichepetsa liwiro yokha ikapanikizika ndi ntchito. Siinapse ayi, koma mphamvu imene analipirira sankaiona yonse.

Chachiwiri ndi malo a RAM. Yanga ili ndi malo anayi. Ndinayamba ndi timitengo tiwiri ta 8GB, tomwe ndinaika pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa, monga mmene kabuku ka bolodiyo kanenera, kuti RAM iziyenda pa njira ziwiri nthawi imodzi. Pamene mapulogalamu a zithunzi anayamba kudya zonse 16GB, ndinangogula tina tiwiri tofanana n'kuwonjezera. Ndikanakhala ndi bolodi ya malo awiri, ndikanachotsa takale n'kugula tatikulu tatsopano. Dziwaninso kuti RAM ya DDR4 yolembedwa liwiro la 3200 nthawi zambiri imayamba kuyenda pa 2133 kapena 2400 mpaka mutalowa mu BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa bolodi yoyambitsa kompyuta, n'kuyatsa XMP, imene imayendetsa RAM pa liwiro lolembedwalo. Makampani ena amaitcha DOCP kapena A-XMP. Anthu ambiri amakhala zaka akuyendetsa RAM yawo pang'onopang'ono osadziwa. Yanga yakhala pa 3200 ndi timitengo tonse tinayi popanda vuto.

Kabatani kokwezera BIOS popanda purosesa ndi kanthu kakang'ono kumbuyo kwa bolodi, pafupi ndi madoko a USB, koma musakapeputse. B550 inatuluka mu 2020, pamene Ryzen 5 5600 inabwera mu 2022. Bolodi imene yakhala nthawi yaitali m'sitolo ikhoza kukhala ndi BIOS yakale yosaidziwa purosesa yatsopanoyo, ndiye mukayatsa, mafani amazungulira koma sikirini ili bii. Ndi kabataniko mumangoika fayilo ya BIOS yatsopano pa fulashi, kuilowetsa mu bolodi, kulumikiza magetsi, kudina, n'kudikira kuti kagetsi kasiye kuphethira. Popanda iko, muyenera kukabwereka purosesa yakale kwa wina kuti muyatsire. Mu BIOS momwemo mulinso fTPM, njira yachitetezo imene Windows 11 imafuna, ndipo izi zinayamba kukhudza anthu ambiri Microsoft itasiya kuthandiza Windows 10 mu October 2025.

Zondidandaulitsa ziliponso, ndipo zonse zikuchokera pamene opanga anachepetsa ndalama. Malo olumikizira mafani a kesi ndi awiri okha, moti fani yachitatu ndinachita kuigulira chingwe chogawa. Doko la mahedifoni la kutsogolo limamveka kaphokoso kakang'ono konga kulira kwa udzudzu pamene khadi la zithunzi likugwira ntchito yolemera, ngakhale la kumbuyo lili bwino. Pulogalamu yoyendetsera mafani ndi timagetsi imene inabwera ndi bolodiyi ndinaichotsa, chifukwa inkangodziyatsa yokha n'kumadya RAM, pamene liwiro la mafani limatheka kulikonza mu BIOS kamodzi n'kuiwalako. Wi-Fi mulibe. Izi sizinandivute chifukwa ndimagwiritsa ntchito chingwe, ndipo khadi la Wi-Fi ndi chinthu choti mungawonjezere tsiku lililonse. Chitsulo cha VRM n'chovuta kuwonjezera, ndipo malo a RAM simungawonjezere.

Nanga bwanji osangotenga bolodi ya chipset cha A520 kapena B450, zomwe kawirikawiri zimatsikirapo mtengo? Ngati kompyutayo ndi ya ntchito za mu ofesi, ndipo mukuikapo purosesa yosafuna khadi la zithunzi lapadera ngati Ryzen 5 5600G, A520 yabwino ikukwanirani. PCIe ndi njira yolumikizira khadi la zithunzi ndi SSD, ndipo purosesa imeneyo imathera pa PCIe 3.0, choncho PCIe 4.0 ya B550, yomwe ndi yothamanga kwambiri, simungaigwiritse ntchito n'komwe. Koma ndi 5600 wamba, B550 imapereka PCIe 4.0 ku khadi la zithunzi ndi ku SSD yoyamba. Kunena zoona, pa ntchito za masiku onse kusiyana kwa liwiro la SSD sindikuona kwenikweni, kumaoneka pokhapokha ndikamasamutsa mafayilo akuluakulu a mavidiyo.

Soketi ya AM4 ndi yakale, inayamba mu 2016, ndipo yolowa m'malo mwake, AM5, inabwera mu 2022 ndipo imafuna RAM ya DDR5. Amene akuganiza zodzasintha purosesa kangapo m'zaka zikubwerazi ayang'ane kumeneko. Ine pa bolodi imeneyi ndikuganiza zokweza kamodzi kokha, kupita ku purosesa ya ma core asanu ndi atatu, ndipo VRM yake ikhoza kuinyamula. Panopa chimene chikudikira ndi SSD yachiwiri. Malo ake a M.2 ali pansi penipeni pa khadi la zithunzi, ndiye ndiyenera kuchotsa kaye khadilo, ndipo ndidzapezerapo mwayi wopukuta fumbi limene launjikana pa mafani.